Maliro Amene Anadikira Ndege

Mkazi wanga anamwalira m'zaka zija ufa unkasowa m'Lusaka, pamene anthu ankalawirira kukaima pamzere kusitolo asakudziwa n'komwe chimene chabwera, kaya ndi sopo kaya ndi mafuta ophikira. Tinkakhala ku Matero, m'nyumba ya khansolo, ndipo ine ndinali telala. Makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Za matenda a mkazi wanga sindilemba pano. Ndilemba za mlongo wake wamng'ono, mlamu wanga, amene ankayendetsa ndege, ndi za mmene tinamudikirira tsiku loika maliro.

Mlamu wangayo analeredwa ndi mkazi wanga. Mayi awo anamwalira iye akukwawa, ndipo amene anamubereka kumsana anali mlongo wakeyo, akadali mtsikana. Titakwatirana n'kubwera ku Lusaka, mwanayo anabwera nafe. Mkazi wanga ankaluka majuzi n'kumagulitsa kuti mwanayo aphunzire, ine ndinkamusokera makabudula a sukulu. Anali ndi mutu wa masamu, ndipo atamaliza sukulu anasankhidwa kukaphunzira za ndege kunja. Atabwerako, komboni yonse inkamutcha a Kaputeni, ngakhale iye ankakana. Ankati ndi wachiwiri chabe, wokhala kudzanja lamanja la kaputeni weniweni. Palibe amene ankamumvera. Ine ndinkamutchabe iwe tikakhala awiri, chifukwa ndinamuona akulira ndi chimfine pamphuno.

Kudwala kwa kampani yawo ndinakuonera pa malaya. Poyamba ankapatsidwa malaya oyera atsopano nthawi ndi nthawi, akalewo n'kundipatsa ine. Kenako anayamba kundibweretsera akale omwewo kuti nditembenuze kolala, mbali yothetheka ilowe mkati. Akakhala pabenchi kudikira kuti ndimalize, ankandiuza za kuntchito. Oyendetsa ndege anali ndi bungwe lawo, ndipo bungwelo linali ndi pangano ndi kampani. Panganolo linkati munthu akabwera ku ulendo wautali apume mokwanira asanaitanidwenso, ndipo akaferedwa m'bale apatsidwe masiku a maliro. Koma ndege zina zinaima chifukwa chosowa zitsulo, anzake ambiri anapita kukagwira ntchito kumayiko ena, ndipo otsalawo ankauluka mowirikiza. Akuluakulu a kampani anauza bungwe kuti lisankhe: achotse anthu ntchito, kapena achepetse za m'panganomo. Bungwe linasankha kuchepetsa. Nthawi yopuma inafupika. Masiku a maliro anatsala a kholo, mkazi ndi mwana basi.

Nkhani imeneyi anaifotokozanso kunyumba kwathu Lamlungu lina, mkazi wanga akadali wamphamvu. Mkazi wangayo anaika singano zake pansi nati, "Ndiye ine ndikafa, udzandisuzumira pawindo uli kumwamba?"

"Inu simufa, asisi," anatero mlamu wanga. "Mwaumirira kwambiri."

Tonse tinaseka, ndipo mkazi wanga anapitiriza kuluka.

Uthenga wa imfa unamupeza mlamu wanga atangotera kumene. Anafika pamaliro atavala yunifomu, chikwama chili m'manja. Anavula m'chipinda mwanga, n'kuvala zakale zanga, ndipo kuyambira pamenepo sanakhale pansi. Kwathu kum'mawa mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wake ndi ake, ndipo maliro a mlongo wake ndi ake kuposa mmene alili a mwamuna. Iye ndi amene anathamangira bokosi, lole, nkhuni ndi malo kumanda. Amuna tinkagona panja m'tenti, monga mwa mwambo, koma iye sindinamuone atatseka maso masiku onsewo. Akafika alendo ndiye ankawalandira, akalira ana anga ndiye ankawagwira. Nditamufunsa za kuntchito, anati ndisade nkhawa. Anali atagwirizana ndi mnzake kuti amugwirire maulendo ake, iye adzabweze pambuyo pake. Umu ndi mmene ankathandizirana pamene pangano linasiya kuwathandiza.

M'mawa wa tsiku loika, anthu ena atapita kale kukatenga thupi kumochale, panafika kabasi koyera ka kampani, kamene kankanyamula oyendetsa ndege kupita nawo kubwalo. Ndinaganiza kuti anzake abwera kudzapepesa, ndipo mtima wanga unathokoza. Koma munatuluka dalaivala yekha, bambo wachikulire. Anavula chipewa, anabwera m'tenti, anagwada n'kundigwira dzanja, ndipo anakhala nafe kanthawi, monga amachitira munthu wodziwa maliro. Kenako anasendera kwa mlamu wanga n'kulankhula motsitsa mawu, koma ndinali pafupi ndipo ndinamva zonse.

"Bwana, anituma. Anzanu aja anawatumiza kwina dzulo, kulibe wina. Akuti kusinthana kuja ofesi siikudziwa, dzina lanu ndiye lili pa ulendo wa lero."

"Mwawauza kuti ndili pati?"

"Nawauza, bwana. Akuti mlongo mulibe m'pangano. Akuti ni ulendo waufupi, kungofika dziko la pafupi na kubwela, masana muli kuno." Anayang'ana pansi. "Akutinso ngati simubwela lero, musavutike kubwela mawa."

Sindinkadziwa kuti zoterezi zingachitike padziko. Ndinali nditaonapo apolisi akudikira munthu mpaka maliro atatha, ndiye n'kumugwira. Ndinali nditaonapo mwini nyumba akusiya kufunsa lendi chifukwa pakhomo pali tenti. Koma galimoto kubwera kudzatenga mwini maliro m'mawa woika, ndinali ndisanazionepo. Ndinangokhala, manja ali pa maondo.

Nkhaniyo inalowa m'nyumba mmene munali azimayi, ndipo anatuluka mng'ono wa malemu apongozi anga, amene tonse tinkawatcha amayi aang'ono. Anali atachokera kumudzi ku Katete, ndipo sanali munthu wonong'ona.

"Iwe, n'zoona zimene ndikumvazi? Ukufuna kuwuluka?"

"Sindinanene kanthu, amayi."

"Usanene n'komwe. Amene wagonayo anakutafunira chakudya ndi mano ake. Kampani yakoyo inakuberekapo kumsana? Ndani aponye dothi? Mkamwiniyu?" Analoza ine ndi chibwano.

Mlamu wanga anandikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Maso ake anali ofiira ngati a munthu wosuta fodya wamkulu. Anandiuza kuti kuofesi kunali kale mphekesera za mayina a anthu ochotsedwa, ndipo akakana lero dzina lake lidzakhala pamwamba. Anatchula ana ake, anatchula ana anga, amene awiri mwa iwo ankawalipirira sukulu iye. Kenako anati, "Alamu, mukandidikira mpaka masana, ndipita n'kubwera. Mukati simungathe, sindipita. Nenani inu."

Ndinamufunsa ngati angathe kuyendetsa asanagone. Anati kaputeni alipo, ndipo ulendowo ndi waufupi. Ine za ndege sindinkazidziwa. Ndinkadziwa kuti chaka chimenecho munthu akataya ntchito sankaipezanso. Ndinamuuza kuti mkazi wanga satsika m'manda iye asanafike.

Atatuluka m'nyumba atavala yunifomu, anthu onse m'tenti anasiya kulankhula. Amene anasuntha anali mayi wina wa Chibemba, mnansi wathu, wogulitsa kapenta pamsika. A Chibemba ndi ife a kum'mawa timanyozana mwachibale, ndipo pamaliro athu iwo ndi amene amaphika, kutiseka ndi kutilanda zinthu kuti tiwombole ndi kandalama, chisoni chipepuke. Mayiyo anali atatizunza masiku onsewo, kutifunsa ngati mbewa zatha kwathu kuti tizidzafera m'tauni. Anadumpha n'kutsomphola chipewa cha yunifomu pamutu pa mlamu wanga.

"Ba Kaputeni ba mbewa! Muyenda kuti? Chisote chagwidwa ichi."

Ena anaseka pang'ono. Mlamu wanga anapisa m'thumba n'kutulutsa ndalama, monga mwa mwambo. Mayiyo anabisa chipewacho kumbuyo.

"Sinifuna. Lelo sichiomboledwa. Mukachifuna muzachipeza kumanda."

Sankasekanso. Mlamu wanga anamuyang'ana, anayang'ana chitseko cha nyumba mmene munkamveka nyimbo za azimayi, ndipo analowa m'kabasi wopanda chipewa. Amayi aang'ono anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira mokweza, akutchula dzina la mayi a mlamu wanga, omwe anamwalira kalekale.

Inali nyengo yotentha, mvula isanayambe. Thupi linafika, tinapita nalo kutchalitchi, ndipo ndinapempha abusa kuti asafulumire. Abusa athu anali munthu wachifundo. Analalikira motalika, anaitana mkulu wa mpingo kuti awonjezere, ndipo kwaya inaimba nyimbo zonse zimene inkadziwa mpaka inayambiranso zoyamba zija. Anthu ankadzipepesa ndi mabuku a nyimbo. Ana ankalira. Masana anakwana, anapitirira. Woyendetsa lole, amene anaibwereka kuntchito kwake mwakachetechete, anabwera kudzandinong'oneza kuti ikachedwa kubwerera agwidwa. Tinagwirizana kuti tipite kumanda, tikadikirire komweko.

Kumanda kunalibe mthunzi. Tinaika bokosi pambali pa dzenje, azimayi a mpingo n'kuliphimba ndi zitenje zawo kuti dzuwa lisalimenye. Maliro ena amene anafika pambuyo pathu anaika n'kumapita, akutiyang'ana. Mkulu wa mpingo anapita pasitolo ina kukaimbira foni kampani, ndipo anabwera ndi yankho lakuti ndege ili m'njira. Masiku amenewo ndege zinali zochepa m'mwamba mwa Lusaka. Kamodzi kokha tinamva kulira kwake chapatali, ndipo khamu lonse linatukula mitu, ngakhale amayi aang'ono. Tinayamba kuyang'ana kumsewu. Sikunabwere munthu.

Ena anayamba kuchoka. Ndinamva bambo wina kumbuyo kwanga akuti, "Anthu ophunzila ni choncho. Manje aona ngati ise tilibe nchito." Sindinatembenuke. Ndinali nditalonjeza, ndipo ndinkapemphera mumtima kuti Mulungu asalole kuti ndiname pamaso pa mkazi wanga. Dzuwa litapendeka kwambiri, abusa anabwera n'kuima pambali panga. Sanandikakamize. Anangoti, "Bambo, mayiwa atopa. Munthu saikidwa mumdima." Ndinayang'ananso kumsewu, ndipo ndinavomera ndi mutu.

Dothi la banja anaponya amayi aang'ono. Manda atakwiriridwa, mkulu wa mpingo anayamba kuitana oika maluwa. Anaitana ine, anaitana ana. Kenako anaitana mlongo wa malemu, chifukwa anazolowera kutero, ndipo atangotchula anazindikira. Anthu anayang'ana pansi. Ndiye mayi wa Chibemba uja anatuluka m'khamu, chipewa chija chili m'manja. Anatenga duwa kwa mtsikana wogawa, analibaya pamanda, anaima pamenepo kanthawi atagwira chipewacho pachifuwa, n'kubwerera. Sananene nthabwala iliyonse. M'lole pobwerera anandipatsa chipewacho osandiyang'ana.

Mlamu wanga sanabwere tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Anafika tenti itachotsedwa kale, pakhomo patatsala phulusa la nkhuni. Amayi aang'ono atamuona analowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Iye anagwada pakhomopo nthawi yaitali, koma amayiwo sanatsegule. Ndinamutenga, tinakwera minibasi, n'kupita kumanda.

Maluwa anali atauma. Anakhala pansi pambali pa mulu wa dothi, ndipo ndinkayembekeza kuti alira. Sanalire. Analankhula ngati munthu wowerenga za wina. Anati atafika dziko lija, anauzidwa kuti sabwerera. Ndege ina ya kampani inali itawonongekera kutali, anthu ake atasowa chokwera, ndipo panalibe oyendetsa ena oti akawatenge. Anakana, anachonderera, anapempha foni. Anamuuza kuti pangano latsopano limalola kampani kutalikitsa ulendo zinthu zikavuta. Ananyamuka dzuwa likupendeka, nthawi yomwe ife tinkakwirira.

"Alamu," anatero, "pali china. Sindinauze munthu."

Ndinadikira.

"Titawatenga anthu aja, tili pakati pa ulendo wobwerera, zonse zili bwino, ndinamva maso akulemera. Ndinati nditseke pang'ono chabe, kaputeni ali maso. Nditadzidzimuka, wailesi inali kutiitana, kuitana, kuitana. Ndinayang'ana kumanzere. Kaputeni mutu uli pachifuwa, akuliza mkonono. Nayenso anali atauluka masiku otsatizana. Sindikudziwa kuti tinagona nthawi yaitali bwanji. Ndege inkangodziyendera yokha. Kumbuyo kwathu anthu odzaza, ana omwe, akudya."

Ndinakhala pansi pafumbi pambali pake. Moyo wanga wonse ndinkaona ndege ikudutsa n'kumaganiza kuti m'menemo muli anthu ogalamuka kuposa tonse, oyang'aniridwa kuposa tonse. Ndinakumbukira maso ake ofiira kuseri kwa nyumba kuja. Ndinazindikira kuti pamene ife tinkatukula mitu kumanda kufuna ndege, iye anali kudziko lina akuchonderera, ndipo pambuyo pake anali m'tulo kumwamba.

"Ndikauza a bungwe," anatero. "Zikapitirira chonchi, tsiku lina sitidzadzuka."

Ndinamufunsa ngati sizimubwerera. Anati mwina. Kenako anatapa dothi la pambali ndi manja onse awiri n'kulithira pamwamba pa manda, pang'onopang'ono, ndipo apo ndi pamene analira.

Anakauzadi a bungwe, ndipo a bungwe anakafikitsa nkhaniyo kwa akuluakulu, poganiza kuti tsopano nthawi yopuma ibwezeretsedwa. Akuluakulu anaitanitsa mlamu wanga n'kumufunsa funso limodzi: kodi asanabwere kuntchito tsiku lija anagona? Iye sankanama. Anati sanagone, anali pamaliro, ndipo iwo ankadziwa chifukwa ndi komwe anatumiza galimoto. Anamuwerengera lamulo lakuti woyendetsa ndege akadziwa kuti sanapume, ndi udindo wake kukana ulendo. Anawakumbutsa uthenga umene anatuma dalaivala. Iwo anati uthenga wotero sunalembedwe paliponse. Kaputeni uja, amene anali pafupi kupuma ntchito, anati iye sakukumbuka kuti anagona. Sindimuweruza. Nayenso anali ndi ana.

Anamuimitsa, kenako anamuchotsa. A bungwe anayenda nayo nkhaniyo kwa kanthawi, koma mmodzi wa iwo anabwera kudzamuuza kunyumba kuti manja awo ndi omangidwa ndi pangano limene anasaina okha. Nditamva, ndinatseka makina masana n'kupita kukakhala m'tchalitchi ndekha. Akanakana m'mawa uja, akanamuchotsa chifukwa chokana. Anavomera, anamuchotsa chifukwa chovomera. Ndinayesa kuitembenuza nkhaniyi mbali zonse monga ndimatembenuzira nsalu, kufuna pamene munthu akanadutsira, ndipo mpaka lero sindinapapeze.

Nyumba ya kampani anamutulutsamo, ndipo anasamukira ku Lilanda, m'zipinda za lendi. Amayi aang'ono anamva zonsezi ali kumudzi. Patapita miyezi anatumiza thumba la mtedza ndi munthu wa basi, n'kunena kuti lipite kwa mwana wawo wa ku Lilanda. Mawu ena sanatumize.

Kampani inaitanitsa jekete, zizindikiro za pamapewa ndi chipewa. Chipewacho chinali chikadali kwathu, pamwamba pa kabati, ndipo anabwera kudzachitenga kukhonde kwanga kumsika. Anabweranso ndi malaya oyera aja, amene kampani sinawafune chifukwa anali akale. Anali atapeza ganyu yoyendetsa minibasi ya ku Mandevu, ndipo anati sangavale malaya okhala ndi timalamba ta pamapewa, makondakitala angamuseke.

Mayi wa kapenta uja anatiwona ali pabenchi yake. Anafuula, "Ba Kaputeni! Chisote changa muchipeleka kuti? Simunaombole!"

Mlamu wanga anamwetulira pang'ono, koyamba chimwalirire mlongo wake. Anapita n'kuika ndalama m'dzanja la mayiyo, ndipo ulendo uno analandira.

Anabwerera n'kukhala pabenchi yanga. Ndinatenga lumo n'kuyamba kuchotsa timalambato, kamodzikamodzi, mosamala kuti nsalu isang'ambike. Pamene panali timalambato panatsala poyera kuposa malaya onse, ndipo ndinamuuza kuti pakachapidwa kangapo pafanana. Nditatukula mutu ndinapeza watsamira khoma, chipewa chili pamiyendo, wagona pakati pa phokoso la msika. Makina sindinawapalase, ndinamaliza ntchito yotsalayo ndi singano ya pamanja.